Mlendo Kuzikopa za Amalume

M'kabuku kanga ka chaka chimenecho, tsamba la Lachiwiri lija lili ndi mizere iwiri yokha. Ndinalemba kuti, "Aphunzitsi ati Loweruka tipita ku Thuchila kukaona zikopa. Mutu ukundipweteka." Mutu sunkandipweteka ayi. Ndinangosowa cholemba chimene sindikanachita nacho manyazi wina atatsegula kabukuko.

Ndinali Fomu 2 pasukulu ya atsikana yogonera komweko, kufupi ndi boma la Mulanje. Tsiku limenelo aphunzitsi athu a jogalafe anabwera ndi chithunzi chachikulu chimene anadula m'kalendala yakale. Chinali cha mzinda wina wakalekale wa kumpoto kwa Africa, kumene anthu amafufuta zikopa m'maenje owaka ndi njerwa, ambirimbiri, ogundana ngati zisa za njuchi. Dzenje lina linali lofiira, lina lachikasu, lina loyera ngati mkaka. Amuna anali ataimirira m'maenjemo, madzi akulekeza m'mawondo. Pamwamba, pakhonde la nyumba ina, panali azungu ndi makamera awo, aliyense atagwira timasamba pamphuno.

"Timasambato n'tachiyani, madamu?" anafunsa mnzanga amene tinkakhala naye desiki imodzi.

"Fungo, mwanawe. Ukuyesa zikopa zimanunkhira ngati sopo wako wa ku Limbe uja?" Kalasi yonse inaseka. "Anthu amenewa amakwera ndege kukaona zimenezi. Ifenso tili nazo zathu pompano. Kuseri kwa msika wa Thuchila kuli bambo wina amene wagwira ntchitoyi moyo wake wonse. Ndalankhula nawo kale. Loweruka tipita ngati alendo okaona malo. Aliyense kope, cholembera ndi mafunso atatu."

Bambo ameneyo anali amalume anga, achimwene awo a amayi.

Bambo anga atamwalira ndili ndi zaka zisanu ndi chimodzi, amalumewo ndi amene anatimangira kanyumba kuseri kwa nthochi zawo. Ndinakulira pakati pa zikopa. Ndinkasema zikhomo zokhomera zikopa pansi, ndinkatunga madzi othira m'migolo, ndinkakhala ndi kamtengo kuingitsa agalu. Kupulaimale ana ankanditcha Kachikopa. Ndikakhala pabenchi, ena ankasendera kumapeto, wina n'kuyamba kufwenkheza ngati galu. Sindinkadziwa ngati ndinkanunkhadi kapena ankangonena, chifukwa ine fungolo sindinkalimva.

Choncho nditasankhidwa kupita kusekondale, ndinasiya zonsezo kumudzi. Tchuthi chikamatha ndinkachapa zovala zanga kawiri, n'kukaziyanika kutali, pamaluwa a anthu oyandikana nawo. Atsikana a kuhositelo atandifunsa zimene akwathu amachita, ndinati amalima nandolo. Sikunali kunama, nandoloyo timalimadi. Ngakhale mnzanga wa padesiki uja sindinamuuze. Iyeyo anali wolongolola, wosaopa munthu, mwana wa kalaliki wa kuesiteti ya tiyi. Ankandiluka tsitsi Lamulungu lililonse, ankandigawira shuga wake wanga akatha, ndipo wina akandiseka chifukwa cha kufatsa kwanga ankamuyankha m'malo mwanga.

Sabata imeneyo sindinakhazikike. Ndinkatsegula buku la masamu n'kupeza kuti ndawerenga funso limodzi kanayi. Lachinayi ndinapita kwa amatironi kukanena kuti m'mimba mukundipota. Anandigwira pachipumi, anandipatsa mapiritsi awiri, n'kunena kuti pofika Loweruka ndidzakhala nditachira. Ndinaganiza zowapempha foni kuti ndiwaimbire amalume. Ndinafika mpaka pakhomo pa ofesi yawo, koma ndinabwerera. Ndikanawauza chiyani amalumewo? Kuti mukandiona musandidziwe? Mawu amenewo ndinayesa kuwanena chamumtima ndili kumpopi, ndipo ndowa inadzaza mpaka kusefukira ndisanawamalize.

Loweruka kunacha kotentha. Unali mwezi wa Novembala, mvula yoyamba isanagwe bwino. Tinakwera lole ya sukulu, atsikana akuimba, ine nditakhala pakona nditakumbatira kope langa. Tinadutsa minda ya tiyi, tinadutsa pa Chitakale pamene anyamata oitanira minibasi anatiimbira malikhweru. Ndinkangolakalaka tayala litaphulika.

Titatsika pa Thuchila, madamu anatulutsa jumbo yodzaza ndi masamba a mandimu amene anathyola kunyumba kwawo.

"Monga pachithunzi paja," anatero akumwetulira. "Tikitani pang'ono, muike pamphuno. Sindikufuna wina andisanzire."

Jumboyo inayenda dzanja ndi dzanja. Itafika pa ine ndinaima kaye. Mnzanga anatapa masamba ambiri n'kundipanikizira m'manja.

"Tenga iwe, unali ndi m'mimba dzana lomweli."

Ndinatenga.

Njira yopita kwa amalume imadutsa kuseri kwa ogulitsa nyama, n'kutsetsereka cha kukamtsinje. Ndimaidziwa mwala uliwonse. Ndinayenda pakati pa gulu, mutu pansi, chifukwa amayi ogulitsa tomato pamenepo amandidziwa kuyambira ndili wamng'ono. Mmodzi anandiyang'anitsitsa, pakamwa patatseguka pang'ono, koma yunifolomu imafananitsa anthu, ndipo tinadutsa. Tisanafike n'komwe atsikana anayamba kukuwa ndi kuseka, masamba ali pamphuno. Inenso ndinaika anga. Ndinaona kuti akubisanso theka la nkhope yanga, ndipo ndinawakanikiza kwambiri.

Amalume anali atasesa bwalo lonse. Anali atabwereka mabenchi awiri a kutchalitchi n'kuwaika pansi pa chisakasa chawo cha malata. Anali atavala jekete lawo lakuda limene amavala pamaliro ndi paukwati pokha, kutentha konseko. Nditaona jeketelo ndinayang'ana kumbali.

Anapereka moni kwa madamu ndi manja awiri, kenaka anayamba kutiyang'ana mmodzimmodzi. Maso awo atafika pa ine, nkhope yawo inayamba kumasuka monga imachitira ndikatsika basi pa tchuthi. Anatsegula pakamwa. Kenaka anaona dzanja langa ndi masambawo. Ine sindinasunthe. Anatseka pakamwa, maso awo n'kupita kwa mtsikana wotsatira.

"Takulandirani nonse, ana anga," anatero. "Khalani pamthunzi apa."

Anatiyendetsa malo onse mwaulemu ngati ndife nduna. Anationetsa kumene amapalira mnofu ndi mafuta otsalira pachikopa, ndi mpeni wawo wopindika umene unatha pakati chifukwa chonola. Anationetsa mgolo wa laimu mmene amaviika zikopa kuti ubweya uchoke, ndi mgolo wina wa madzi ofiira a makungwa a mthethe, amene amalimbitsa chikopa kuti chisawole. Anationetsa mmene amachifufutira ndi manja atachipaka mafuta a nsatsi mpaka chifewe ngati nsalu. Pabwalo, padzuwa, panali zikopa zaziwisi zokhomedwa pansi ndi zikhomo, mbali ya mnofu ikuyang'ana kumwamba kuti ziume. Zambuzi zinali zambiri chifukwa inali nyengo ya maukwati, ndipo pakati pake panali chachikulu cha ng'ombe.

"Ichi ndi cha ng'oma ya kwaya ina ya ku Mulanje Mission," anatero. "Chimenechi ndikuchisamala ngati khanda."

"Agogo," anafunsa mtsikana wina mawu akutulukira m'masamba, "inuyo simudwala nalo fungoli?"

"Fungo lake liti, mwanangu?" Ananunkhiza uku ndi uku. "Ine lero ndikungomva mandimu okhaokha."

Onse anaseka, ndi madamu omwe. Amalume sanandiyang'ane.

"Nanga ntchentchezi mumazilipiritsa lendi?" anafunsa wina.

"Izi ndi antchito anga. Zikachuluka pachikopa zimandiuza kuti sindinapale bwino."

Mnzanga anandigunda ndi chigongono n'kundinong'oneza. "Akazi awo ndi olimba mtima. Ine ndingathawe tsiku lomwelo la ukwati, keke ndisanadule."

Ndinaseka. Sikunali kuseka kwenikweni, kanali kamphepo kotuluka m'mphuno, koma ndinaseka. Azakhali amene ankanenedwawo ndi amene anandisokera diresi langa loyamba la sukulu.

"Iwe wachete," anatero madamu akundiloza, "sitinamve funso lako."

Ndinatsegula kope ndi dzanja limodzi. Mafunso atatu amene ndinalemba onse ndinkadziwa mayankho ake. Ndinawerenga loyamba motsitsa mawu.

"Chikopa chimakhala masiku angati m'laimu?"

"Kweza mawu, sakukumva."

"Ndamva, madamu," anatero amalume. Anatembenukira kwa ine, manja ali kumbuyo. "Funso labwino, mayi. Ife sitiwerenga masiku. Kukatentha chimafulumira, kukazizira chimachedwa. Timakanda ndi chala. Ubweya ukachoka wokha osalimbana nawo, ndiye kuti chapsa."

Anavuula chikopa chimodzi mumgolo ndi mtengo, n'kuchibweretsa pafupi nane.

"Mungayese, mayi?"

Chiyambire sanandiitanepo choncho. Kwa iwo ndinali "iwe", kapena dzina lachibwana la Chilomwe limene anandipatsa chifukwa ndinkalira ngati mwanambuzi. Ndinayang'ana zala zawo zong'ambikang'ambika ndi laimu, zoyera m'mikwingwirima. Ndinapukusa mutu. Anabweza chikopacho mumgolo pang'onopang'ono, kuti madzi asatigwere.

Ndinkafuna kuti tizipita. Ndinkayang'ana njira, ndinkayang'ana wotchi ya madamu, ndinkasintha mwendo woimira. Mwina n'chifukwa chake ndinali woyamba kuona kuti phiri la Mulanje lasowa. Kumene limaonekera kunali mdima wotuwa, ndipo mphepo yozizira inadutsa m'nthochi n'kutembenuza masamba ake. Amalume nawonso anaiona. Anasiya chiganizo pakati.

Madontho oyamba anali akuluakulu, otalikirana, akudzutsa fumbi. Atsikana anathamangira pansi pa chisakasa akukuwa. Amalume anavula jekete, analipinda, analiika pabenchi, n'kutuluka pabwalo akutsimphina. Bondo lawo lakumanja linali litayamba kuvuta chaka chapitacho.

Chikopa chachiwisi chikanyowa mbali ya mnofu chili padzuwa lotentha chotero, chimayamba kuwola, ubweya n'kuthothoka m'zigamba, ndipo sichigwiranso ntchito. Kwathu mvula ikayamba aliyense amasiya chimene akuchita, ngakhale ali pachakudya. Koma tsiku limenelo azakhali anali kuchipatala kukadikirira mwana wawo woyembekezera, amayi anali kunyumba kuseri kwa nthochi osadziwa kanthu, ndipo amalume anali okha ndi zikopa zonsezo. Anagwada movutikira pa chambuzi chimene chinali pafupi n'kuyamba kuzula zikhomo chimodzichimodzi.

Ine ndinaima m'mphepete mwa chisakasa, madzi a m'malata akugwera pansonga za nsapato zanga. Mapazi ankafuna kupita. Ndinawerenga zikopazo, ndinawerenga zikhomo, ndinaona kuti sakwanitsa. Ndinangoima.

Amene anatuluka anali mnzanga uja.

"Tingowayang'ana agogowa?" anatero. Anataya masamba ake n'kuthamangira pa chikopa cha ng'ombe. Anachigwira m'mphepete ndi manja awiri, n'kuyamba kukoka ndi mphamvu ngati akuyalula mphasa. Iye sankadziwa kuti chikhomo chilichonse chimalowa pakabowo kakang'ono kochekedwa ndi mpeni, ndipo ukakoka chikopa m'malo mwa chikhomo, kabowoko kamang'ambika n'kulowa mkati. Ndinamva chikopacho chikung'ambika ngati nsalu yakale.

"Usakoke!"

Mawuwo anali anga. Sindinadziwe kuti ndili ndi mawu aakulu chotero. Ndinapezeka ndagwada pambali pake m'matope.

"Siya chikopacho. Gwira chikhomo, upotokole kaye, kenako uzule. Chonchi. Yambira kukhosi uko, ine ndiyambira kumchira. Zikhomozo usataye, ika pamodzi."

Anandiyang'ana madzi akutsika kumaso kwake, koma anachita zimene ndinamuuza. Manja anga ankayenda okha. Titamaliza kuzula ndinachipinda pamsana, ubweya kunja kuti madzi azitsetsereka, ndipo tinachinyamula awiri mpaka pamtanda wa m'chisakasa. Nditabwerera pabwalo amalume analankhula osadzutsa mutu.

"Iwe, zakumunsizo kaye. Madzi ayambira kumeneko."

"Ndaona, amalume."

Mvula inali italimba, ndipo sindikudziwa ngati wina anamva. Tinagwira ntchito monga timachitira nthawi zonse, iwo mzere wakumtunda, ine wakumunsi, tikukumana pakati. Atsikana ena atatu anabwera kudzalandira zikopa n'kumathamanga nazo. Chomaliza chinalowa bwalo litasanduka dziwe.

Pansi pa chisakasa panali phokoso la malata lokhalokha. Bulauzi yanga inali ndi magazi osungunuka ndi ubweya wa mbuzi. Atsikana anali atapanga kampata mondizungulira. Madamu anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe, zimenezi unaphunzira kuti?"

Amalume anayankha msanga ine ndisanatsegule pakamwa. "Ana a kumudzi amaona zambiri, madamu. Mwina kwawo kuli wina amaweta mbuzi."

Ananena akupukuta manja pathalauza, maso ali pazikopa. Anali atanditsegulira njira kuti ndidutse ngati ndikufuna.

"Ndi amalume anga," ndinatero. Mawu anatuluka aang'ono, ndiye ndinabwereza. "Awa ndi amalume anga. Anandilera ndi iwowa. Kwathu ndi uko, kuseri kwa nthochizo."

Wina kumbuyo anatsokomola, wina anati "shii". Madamu anatsitsa dzanja limene linali pamphuno, n'kuyang'ana masamba awo ngati sakudziwa amene wawapatsa.

"Bwanji sunanene m'kalasi muja?" anafunsa mofatsa.

Ndinayang'ana kwa amalume.

Iwo anali atapita pa chikopa cha ng'ombe chija. Anatsata m'mphepete ndi chala mpaka anapeza pong'ambikapo, kutalika ngati chikhatho.

"Ndine ndang'amba, agogo," anatero mnzanga. "Pepani. Sindimadziwa."

"Mlendo salakwa, mwanangu. Ng'oma imafuna pakati, apa tidula." Anatembenukira kwa ine, nkhope ili yowuma. "Koma iwe unaona mtambo uja kalekale. Unadikira chiyani?"

"Pepani, amalume."

"Madamu, mundibwereke mwanayu pang'ono akawaone amayi ake. Akamva kuti anafika mpaka pano n'kubwerera, ine sindidya m'mudzi muno sabata yonse."

Mvula itachepa ndinadutsa m'nthochi. Ndinamva mapazi kumbuyo, ndipo anali mnzanga. Tinayenda mpaka pakhola la nkhunda.

"Chaka chonse ndikukuluka tsitsi," anatero. "Nandolo. Unandiuza za nandolo."

"Timalimadi."

"Usandipusitse. Ndanena zachipongwe za azakhali ako iwe uli pomwepo. Unangondisiya ndinene. Ndiwayang'ana bwanji agogo aja?"

"Sanamve."

"Ndamva ineyo."

Amayi anatuluka m'khitchini akupukuta manja, odabwa kundiona ndili chonyowa m'yunifolomu. Anandikalipira chifukwa chosatumiza uthenga, anamupatsa moni mnzangayo ngati munthu wamkulu, n'kutikulungira nyemba za kalongonda zophika m'pepala la pulasitiki. Anafunsa chifukwa chake sindinabwere nayepo mnzanga wabwino chonchi. Mnzangayo anati, "Sanandiitanepo, amayi," ndipo amayi anaseka poyesa nthabwala.

Hutala ya lole inalira kumsika. Titabwerera pachisakasa tinapeza amalume atavalanso jekete pamwamba pa malaya onyowa, akutsanzikana ndi atsikana mmodzimmodzi. Ena ankapereka dzanja lonse, ena nsonga za zala. Ndinakhala kumapeto kwa mzere ndikukonza mawu oti ndinene, koma nditafika pamaso pawo onse anabalalika. Ndinagwada pang'ono monga timachitira. Iwo sanandiyang'ane kumaso. Ankayang'ana mapazi anga.

"Nsapatozi zatha chidendene. Ukuyenda chopendama ngati bakha."

"Zikadali bwino, amalume."

"Ukabwere nazo pa tchuthi. Ndili ndi kachidutswa kolimba ndinasunga." Analoza njira ya kumsika. "Thamanga, anzako akukusiya."

Mulole ndinakhala pakona pomwe paja. Benchi inali yodzaza, koma pambali panga panatsala malo a munthu mmodzi, ndipo palibe anakhalapo. Kutsogolo wina ananena kanthu motsitsa mawu, awiri n'kuseka. Mnzanga anaimirira atagwira chitsulo, atandifulatira, siketi yake ili ndi ubweya wa ng'ombe kuyambira m'chiuno mpaka m'mawondo. Ndinkayang'ana msana wake, n'kuyang'ana malowo, n'kuyang'ananso msana wake. Tinadutsa pa Chitakale akadali chiimire.